Katundu wa Ndani?

Dzina loti Lumo sanamupatse chifukwa choti amameta anthu. Ometa alipo ambiri mumsewu umenewo, koma Lumo ndi mmodzi yekha. Anamupatsa chifukwa cha pakamwa. Ukakhala pampando wake, iye n'kukumanga nsalu ija m'khosi, umadziwiratu kuti tsitsi lichoka ndipo ulemu wako nawo uchepako. Wadazi ankamufunsa ngati wabwera kudzametetsa kapena kudzapolishitsa. Wamakutu aakulu ankamuuza kuti awagwire kaye, fani ingamuulutse. Anthu odikira pabenchi ankaseka mpaka kugwira nthiti, wometedwayo nayenso n'kumaseka. Nanga akanatani, mashini ali pakhutu?

Ndiye taonani mmene dziko limachitira zinthu zake. Munthu wa pakamwa potere ndi amene anasunga bambo wopanda mawu.

Bambo ake a Lumo anakalambira pa depoti ya mabasi, kunyamula katundu wa anthu. Anayamba ndi mutu ndi msana, kenako anadzapeza wilibala. Sitiroko inawapeza atapuma kale ntchito. Inawatengera dzanja lamanja, mwendo wamanja, ndi mawu onse. Adokotala anamuuza Lumo momveka bwino kuti madalawo akumva chilichonse, nzeru zawo zili bwinobwino, kungoti mawu akukanika kutuluka, ngati chitseko chofufuma ndi mvula. Lumo anagwedeza mutu. Koma munthu akasiya kuyankha, anthu sachedwa kulankhula ngati wasiyanso kumva.

Lumo ankakhala nyumba ya lendi kuseri kwa sitolo yogulitsa zitsulo. Galimoto sinkafika pakhomo. Kuchokera kumsewu umadzera kanjira kopanikiza pakati pa mipanda iwiri ya njerwa, koti anthu awiri akakumana wina amayenda chammbali. Madala anapatsidwa chipinda cha ana, ana n'kusamukira pabalaza. M'mawa uliwonse Lumo ankawabereka bambo akewo kupita nawo kubafa, kuwasambitsa, kuwaveka, n'kukawakhazika pampando wa pakhonde asanapite kukatsegula babashopu. Tsiku lachipatala ankawabereka kanjira konse kaja mpaka kumsewu. Zimenezi ankachitadi, tisamunamizire. Makasitomala akamuyamikira, ankayankha uku akupukuta chipeso: "Njovu silemedwa ndi minyanga yake, abale."

Kumeneko kunali kushopu. Kuseri kwa nyumba, foni ili pakhutu, njovu inkadandaula nayo minyanga.

Anali ndi mlongo wake wamkulu, mphunzitsi, wokhala m'tauni ina. Anagwirizana kuti azisinthana kusunga madalawo, koma mwezi uliwonse mlongoyo ankapeza chifukwa: mwina mayeso, mwina denga likudontha, mwina alamu sakupeza bwino. Tsiku lina, msana ukumuwawa, Lumo anati, "Achemwali, koma dziko ili! Munthu wanyamula katundu moyo wake wonse, lero katundu ndi iye mwini."

"Iwe, pakamwa pakopo padzakugwetsera m'dzenje," anatero mlongo wakeyo. Koma anaseka pang'ono, ndipo wometa sataya nthabwala imene yasekedwa.

Kuyambira pamenepo linangokhala dzina. "Katundu wanu uja wadya." "Katundu wagona." "Mudzamutenga liti katunduyu?" Liwu limeneli lili ndi kuipa kwake, sililola ulemu. Katundu sumuti awa, umamuti uyu. Sunena kuti adya, umati wadya. Lumo anayamba kunena bambo ake omubereka ngati akunena thumba la simenti, ndipo lilime silinapunthwe ngakhale tsiku limodzi.

Masewera aja anachokera kuchipatala. Kunali mayi wina wa magalasi, wophunzitsa odwala kulankhula.

"Musamawafunse mafunso ataliatali, amatopa," anatero mayiyo. "Muziwaponyera liwu limodzi basi, iwo aligwire ndi liwu lililonse limene layamba kubwera m'mutu. Mukati moto, akhoza kunena kuti utsi, akhoza kunena kuti madzi, zonse akhoza. Ana muli nawo kunyumba?"

"Alipo awiri."

"Ndiye kuti mankhwala muli nawo kale. Muzisewera nonse, asamaone ngati ali pamayeso. Koma chonde asasiye. Akasiya kuyesa, mawu amabwerera kumene anabisala."

Mwana wamkulu anali mtsikana wofatsa, woyamba kale kuchita manyazi ndi alendo. Onse ankangomuti Chisamba poti ndiye anatsegula njira. Wamng'ono anali asanayambe sukulu, ndipo ankamuti Wailesi, chifukwa chimene wamva m'mawa, masana chimakhala chitafika kale kwa aneba. Anatengera bambo ake mphuno ndi pakamwa pomwe.

Chisamba ndiye anaika malamulo. Wina akakuponyera liwu, ena amaomba m'manja katatu. Ukapanda kuligwira asanamalize, waluza. Kuganiza kaye sikuloledwa. Lumo anawonjezera lamulo limodzi, ndipo analinena mokweza kuti mkazi wake amve mtima wake wabwino: "Agogo sitiwaombera m'manja. Agogo timawadikira."

Ankasewera madzulo pakhonde, Lumo akaweruka, tsitsi la anthu likadali m'khosi mwa shati.

"Mvula!" ankaponya Chisamba.

"Matope!" ankagwira Wailesi. "Galu!"

"Wa aneba," ankagwira Chisamba.

"Amenewo ndi mawu awiri, waluza!"

"Amayi!" anaponya Lumo tsiku lina, kuti athetse mkangano.

"Wasamba iwe?" anagwira Wailesi, manja m'chiuno, mawu enieni a mayi ake.

"Adadi!" anabwezera mayiwo ali kukhitchini.

"Mawa!" anakuwa ana onse awiri.

Lumo anaseka kuposa onse, ngakhale kuti kanamulasa pang'ono. Zoona, njinga ya Chisamba inali yokonza mawa, ndipo mawalo linali litatha chaka.

Madala ankangoonerera, diso likuyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Masiku oyamba akawaponyera liwu ankangotsegula pakamwa, n'kutulutsa mpweya wokha. Koma ana satopa ndi chinthu chimene achikonda. Tsiku lina Wailesi anatsamira pa bondo lawo, n'kuwayang'ana m'maso.

"Agogo, tiyi."

Onse anadikira. Milomo ya madala inasonkhana, inabalalika, inasonkhananso. Mtsempha wa pakhosi unatupa ngati akukweza thumba pamutu.

"Shu... shuga."

Mkazi wa Lumo anatuluka m'khitchini atagwira supuni m'manja. Chisamba analumpha. Wailesi anathamanga kukauza aneba. Lumo naye misozi inalengeza, ndipo inali misozi yeniyeni. Munthu ndi wodabwitsa. Madzulo omwewo anaimba foni kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Achemwali, katundu walankhula lero."

Mawu anayamba kubwerera limodzilimodzi, ngati nkhuku madzulo. Mvula, denga. Nsapato, phazi. Mwana, phokoso, ndipo ponena limeneli anamuloza Wailesi ndi chibwano, mbali imodzi ya nkhope ikuseka. Mayi wa kuchipatala uja anakondwa kwambiri. Anati tsopano ayese mawu a ntchito yawo yakale, chifukwa amenewo amakhala pansi penipeni, sachoka msanga.

Linali Lamulungu masana. Lumo anali atangomaliza kuwameta ndevu bambo ake pakhonde pomwepo, fungo la sipiriti likadali m'manja. Mkazi wake anali pa mkeka, akumuluka tsitsi Chisamba. Wailesi ankazungulira mzati wa khonde.

"Lero ndiponya ndine," anatero Lumo. "Bambo, basi."

"Hu... hutala."

"Eee! Chingwe."

"Manga."

"Mwaona? Sanachedwe n'komwe! Wilibala."

"Ta... yala."

Lumo anatenthedwa nawo masewerawo. Anayang'ana uku ndi uku kufuna liwu lina la kudepoti, ndipo linabwera lomwe linali pafupi kwambiri ndi lilime.

"Katundu."

Nkhope ya madala inawala mwa mtundu wina. Anamuyang'ana mwana wawo, osati ngati wodwala amene akufunafuna liwu, koma ngati munthu amene wakumbutsidwa chinthu chokoma. Anakweza dzanja lamanzere lija pang'ono.

"Wa... wa..."

"Agogo!" anakuwa Wailesi.

"Iwe, usawasokoneze," anatero Chisamba. "Agogo timawadikira."

"Sindikuwaitana, ndagwira! Katundu, agogo. Ndakhoza!"

Zala za mayi ake zinaima m'tsitsi la Chisamba. "Khala chete, iwe."

"Koma ndakhoza! Si adadi amatero pafoni?" Ndipo poti mwanayo sakonda kukayikiridwa, anatola patapata wake n'kumuika pakhutu, dzanja lina n'kugwira msana, ndendende mmene amaimira bambo ake kuseri kwa nyumba. "Achemwali, katundu wanu uja wadya, wagona. Mudzamutenga liti? Ine msana watha."

Anatsanzira bwino mwanayo. Ngakhale kakupuma kaja kamene Lumo amapuma asananene kuti "msana," kanalipo.

Akuluakulu amati fisi akagwa m'mbuna salankhula. Akanakhala fisi bwenzi zili bwino. Lumo analankhula.

"Ha! Mwana uyu! Ndimanena firiji ija, bambo. Firiji yakale ya achemwali, ija ili kuseriyi."

"Firiji imadya?" anafunsa Wailesi.

Palibe anaseka. Mkazi wake anayang'ana pansi. Chisamba nayenso anayang'ana pansi, ndipo apa m'pamene Lumo anadziwa kuti Wailesi sanali yekha womva. Nyumba yonse inkadziwa. Zenera la chipinda cha madala linali kuseri komweko, pamwamba penipeni pa malo amene iye ankaimbira foni, koma mwina madalawo ankadziuza kuti mwana wawo akunena zina. Tsopano mdzukulu anali atawamasulira.

Madala sanakwiye. Bola akanakwiya. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono n'kukagona pa bondo. Pakamwa paja, pamene panali patatseguka ndi liwu losamalizidwa, panatsekeka bwinobwino, ngati munthu akutseka sitolo yake madzulo.

M'mawa mwake Lumo analowa kuchipinda, n'kugwada chofulatira pafupi ndi bedi monga mwa masiku onse, kuti madala akolowekere dzanja m'khosi mwake. Dzanja silinabwere. Atacheuka anapeza lagwira chitsulo cha bedi.

"Bambo, madzi azizira."

Madala anapukusa mutu. Analoza ndodo imene anapatsidwa kuchipatala, imene anali asanaigwirepo chiibweretsere. Anadzuka okha. Anayenda okha, phewa likukhula khoma, mwendo wakufa uja ukukokedwa pambuyo. Ulendo wa kubafa, umene pamsana unali wa kanthawi kochepa, unawatengera mpaka dzuwa kuwala pazenera. Anafika thukuta lili kamukamu. Lumo ankayenda pambuyo pawo manja ali m'malere, osawagwira, osawasiya. Kusamba analola kuti awasambitse, nanga akanatani, koma maso anali kukhoma nthawi yonse.

Madzulo Wailesi anabwera n'kutsamira pa bondo lawo. "Agogo, tiyi."

Zii.

"Agogo, mvula. Agogo, nsapato." Anatembenukira kwa mkulu wake. "Agogo aluza?"

Lumo anadzuka, dzanja lili m'mwamba, ndipo mwanayo anaphethira osadziwa chimene walakwa. Mkazi wake anamugwira mkono.

"Bambo a Chisamba, nkhani ikaipa simuphwanya wailesi."

Lumo anakhala pansi. Manyazi amene anamugwira pamenepo anaposa a dzulo lake. Anatsala pang'ono kumenya mwana chifukwa chonena zoona, pamasewera amene lamulo lake n'kunena chimene chili m'mutu.

Muziti bwanji sanangopepesa? Anapepesa. Koma liwu loti pepani Lumo anali atalitha kale mphamvu. Ankalinena tsiku lonse kushopu: akamutsina munthu khutu ndi mashini, pepani, magetsi akazima mutu uli theka, pepani, akamuponda wina phazi, pepani bwana. Atagwada pamaso pa bambo ake n'kunena kuti, "Pepani, bambo, kunali kucheza chabe," iye mwini anamva kupepuka kwake. Madala anayang'ana mzati wa khonde. Madzi akatayika sawoleka, ndipo awa anatayikira pamchenga.

Sabata imeneyo m'babashopu munali ngati pamaliro. Lumo ankameta mwakachetechete, ankapukuta mashini ndi burashi, ankathira sipiriti, ankakutumula nsalu. Pabenchi anthu ankayang'anana.

"Lumo, wadwala kodi?" anafunsa wadazi uja. "Ndakhala pano nthawi yonseyi sunandinyoze."

"Chimfine," anatero Lumo.

Chapakati pa sabata kunalowa kasitomala wina atanyamula kamwana kake pamapewa. Pakhomo anawerama kuti kamwanako kasagunde mutu, kenako n'kukatsitsa pabenchi. Lumo anaziona pagalasi. Ndipo chinthu chimene anachiiwala kalekale chinamubwerera chathunthu, ndi fungo lake lomwe la dizilo ndi thukuta.

Ali wamng'ono ngati Wailesi, mayi ake ankapita naye kudepoti madzulo kukawachingamira bambo ake. Madalawo, nthawi imeneyo ali ndi mapewa ngati chitseko, ankakoloweka chingwe chawo m'chiuno, n'kumukweza iye pamapewa. Ankadutsa naye pakati pa chikhamu cha anthu akufuula mmene ankafuulira tsiku lonse: "Odi, odi! Katundu akudutsa!" Amayi ogulitsa zipatso pageti ankawadziwa masewerawo, ndiye ankafunsa dala, "Katundu wa ndani ameneyo?" Ndipo bambo ake ankagwira timiyendo take mwamphamvu n'kuyankha kuti, "Wanga! Tsiku lonse ndanyamula wa eni. Uyu yekha ndiye wanga!"

Wa... wa...

Lumo masiku onsewa ankaganiza kuti madala ankafuna kunena kuti walemera, ndipo ankati bola mwana anawadula. Ayi. Ankamuyang'ana iye, dzanja atalikweza, akubwera nalo liwu kuchokera kutali kuja kuti amupatse.

Mashini anatsetsereka n'kulambula msewu pamutu pa kasitomala.

"Aa! Lumo!"

"Pepani," anatero Lumo.

Atafika kunyumba tsiku limenelo anapeza khonde lili lokha. Mkazi wake anali kuseri akuanula zovala, ndipo sanadikire kuti amufunse.

"Lowani mukaone. Ayamba m'mawa mutangochoka. Ndimati ndiwathandize, akana."

Madala anali atakhala pabedi atavala jekete lawo. Pamiyendo panali chikwama chawo chakale, chotupa ndi zovala, chomangidwa ndi chingwe chija cha kudepoti. Mfundo yake inali yolimba, yooneka bwino. Anaimanga ndi dzanja limodzi ndi mano. Ataona Lumo, anakweza chala n'kuloza chithunzi cha pakhoma, chimene mlongo wa Lumo anajambulitsa tsiku lomaliza maphunziro. Kenako analoza chikwama, n'kudziloza okha pachifuwa.

"Ayi, bambo. Pano ndi panu. Musapite."

Analozanso chithunzi chija.

"Bambo, tiyeni tisewere. Basi. Chingwe, bambo. Mwana." Anasendera pafupi ndi bedi. "Nenani chilichonse. Nditukwaneni kumene."

Madala anayang'ana pazenera lija la kuseri. Linali lotsegula, ndipo panja pankamveka bwinobwino mkazi wa Lumo akukutumula shiti.

Foni anaimba ndi mkazi wake, poti Lumo inamukanika. Sanafotokoze zambiri, anangoti abambo akufuna kubwera kumeneko. Kenako mlongoyo anapempha kulankhula ndi mchimwene wake.

"Ndiye wapambana," anatero. "Ndibwera Loweruka ndi galimoto ya hayala. Si zimene umafuna?"

Zinalidi zimene ankafuna. Miyezi yonseyi ankapempha zimenezi. Ana abwerera kuchipinda kwawo, iye azidzuka mochedwa, msana upuma. Koma tsopano bambo ake ankachoka ali chete, mawu onse amene ana anawasonkhanitsa atabwerera kobisala, ndipo liwu lomaliza pakati pa iye ndi iwo linali lija. Kwa mlongo wake kulibe ana aang'ono. Ndani akawaponyere tiyi kumeneko? Akanakhala kuti anawabera kanthu, bwenzi atabweza. Koma anawalanda pakamwa kachiwiri, sitiroko itawabwezera.

Loweruka linafika. Galimoto inaima kumsewu, kumapeto kwa kanjira kaja. Mlongo wake anatsika, analonjerana ndi mlamu wake, anawagwadira bambo ake, n'kunyamula chikwama kutsogola nacho. Madala anagwira ndodo. Anatsika khonde okha, anayenda mpaka pamene pamayambira kanjira, ndipo anaima. Mvula inali itagwa m'bandakucha. Pakati pa kanjirako pankayenda madzi, m'mbali muli njerwa zoterera zimene anthu anaponyamo kuti azipondapo. Wamiyendo iwiri ankadutsa movutika. Iwo anali ndi umodzi.

Anayang'ana kanjirako nthawi yaitali. Lumo anangopita patsogolo pawo n'kugwada chofulatira, bondo m'matope, n'kudikira.

Dzanja linabwera. Analikoloweka m'khosi mwake mosafuna, ngati munthu akugwira chitsulo cha m'basi. Lumo analowetsa manja pansi pa ntchafu zawo n'kudzuka. Anali atapepuka madalawo. Sabata imodzi yokha, anali atapepuka chonchi, ndipo iye ndi amene ankauza anthu kuti msana watha.

Anayamba kuyenda. Chisamba ankabwera pambuyo atanyamula ndodo, Wailesi akudumpha panjerwa. Mpweya wa madala unkamufika pakhutu. Chapakati pa kanjira anakumana ndi chipwirikiti cha Loweruka m'mawa: amayi awiri ndi zidebe zawo ataima akucheza, mnyamata wa kusitolo ya zitsulo akukankha njinga yodzaza mapaipi, ndi aneba ena amene anatuluka kudzatsanzikana ndi madala. Njira inatsekeka. Lumo anaima. Tsiku lina lililonse bwenzi atawabalalitsa ndi nthabwala imodzi, koma lero analibe.

Anamva chifuwa cha bambo ake chikufufuma pamsana pake.

"O... odi!"

Amayi aja anacheuka.

"Odi, odi! Ka... katundu... akudutsa!"

Mawu anali okhota, olemera mbali imodzi, koma anamveka mpaka kumsewu. Chiyambire kudwala anali asananenepo mawu ambiri chonchi. Aneba anaseka mokondwa, ena anaomba m'manja. "Eee, agogo alankhula! Apatseni njira, apatseni njira!" Anthu anadzipanikiza kumipanda, wanjinga anabwerera chafutambuyo. Iwo ankaona nkhalamba yanthabwala ndi mwana wabwino wobereka bambo ake. Mayi wina mpaka anati, "Ana otere asowa masiku ano."

Lumo sanasunthe. Sanadziwe ngati madala akumukumbutsa, kapena akumulanga, kapena akungodzitchula dzina limene anapatsidwa. Mwina zonse.

Wailesi anadzera pansi pa chigongono chake n'kuima kutsogolo, maso akuwala.

"Adadi, agogo aponya! Katundu! Gwirani!"

Ndipo anayamba kuomba m'manja.

Liwu ankalidziwa. Linali pomwepo, pakhosi. Munthu amene pakamwa pake panali pasanatsekepo chibadwire anatsegula pakamwa, n'kutulutsa mpweya wokha. Milomo inasonkhana, inabalalika. Wailesi anaomba kachiwiri, anaomba kachitatu.

"Mwaluza, adadi! Mwaganiza kaye!"

Dzanja lija la m'khosi linasuntha. Linasiya kulendewera, linagwira kolala ya shati n'kuifinya.

"Mu... mudikire," anatero madala.

"Koma timadikira agogo okha!"

"Mu... dikire."

Mwanayo anatsitsa manja. Anthu a m'kanjira nawo anangoima, osadziwa chimene akudikira. Kumsewu dalaivala analiza hutala, ndipo mlongo wake, amene anali ataima pachitseko chotsegula akuyang'ana kuno, anawerama n'kumuuza kuti azimitse kaye injini.

"Wanga," anatero Lumo. Linatuluka laling'ono, losweka pakati. Anameza malovu n'kulikonza. "Anga. Bambo anga."

Madala sanaloze kugalimoto, sanaloze kunyumba. Anangogwirabe kolala ija, chibwano chawo chometedwa bwino chitatsamira paphewa pake. Lumo anaima pomwepo pakati pa kanjira, madzi akudutsa pansapato, aneba onse akumuyang'ana. Misozi inatsika mpaka m'khosi. Manja onse awiri anali atagwira bambo ake, ndiye nkhope analibe choibisira.